Ndudu Yamagetsi ya Ababa

"Musandinamize, Ababa. Fungo latulukira pansi pa chitseko."

"Ndili m'chimbudzi, iwe Shawna. Munthu asapumenso ngakhale muno?"

"Tsegulani."

Anatsegula. Kazenera ka kubafa kanali kotsegula, mphepo yozizira ikulowa, ndipo m'madzi a m'chimbudzi munkayandama kachidutswa ka ndudu. Bambo anga, a Odell Caudill, mwamuna wa zaka 61, anaima pamenepo akukupiza mpweya ndi thaulo ngati utsi umamva kuthamangitsidwa.

"Ndi theka lokha," anatero.

"Chifuwa cha Junie sichidziwa theka."

"Ndatsegula zenera."

"Dzulonso munatsegula zenera. Tamverani mmene akupumira."

Tinamvetsera. Mwana wanga wamkazi anali pabalaza akusanja zivindikiro za mapoto, ndipo kupuma kwake kunkamveka mpaka kumene tinali, kukulira ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'kabati. Junie ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amadwala mphumu. Panali patangotha masiku atatu titatuluka m'chipatala, kachitatu chaka chomwecho.

"Adokotala anati chiyani, Ababa? Bwerezani."

"Madokotala amanena zambiri."

"Ananunkhiza juzi ya mwana ine ndikuona. Anati akabweranso ndi fungo limeneli aitana a ofesi yoona za ana. Anthu amenewo mukuwadziwa. Amabwera ndi chikwama cha mapepala, amachoka ndi mwana."

"Iwe ndi mchimwene wako Lonnie munakulira m'nyumba ya utsi. Si awa muli moyo nonse?"

"Amayi ankakhalanso m'nyumba yomweyo. Ali kuti lero?"

Ndinadziwa kuti ndaponda pachilonda. Ababa anapinda thaulo lija pang'onopang'ono n'kulikoleka.

"Fodya ameneyu ndiye anagula kalavani ino imene ukugonamo ndi mwana wako. Ndamulima zaka makumi atatu m'chigwa chino cha Kentucky. Chigafa chili kuseriko ndinamanga ndi manja awa. Lero ukuti ndiziima panja ngati galu?"

"Panja munayesa kale. Mvula ikagwa mumalowa. Ine ndikakhala kuntchito mumasutira pampando uwo, mwana ali pamiyendo panu. Tsitsi lake limandiuza zonse."

"Ndiye samuka."

Ankadziwa kuti sindingathe. Ndimachapa zovala ndi zofunda kunyumba yosungirako okalamba m'tawuni, ndipo wotsala ndi Junie masana ndi Ababa omwewo. Bambo wa mwanayo, Cody, anapita ku Ohio kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe. Sukulu ndinasiyira m'kalasi lakhumi. Munthu ngati ine ali ndi malo awiri ogona: kwa bambo ake kapena m'galimoto yake.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, achimwene anga a Lonnie anabwera kudzadya nyemba ndi chikondamoyo. Atakhuta anatulutsa m'thumba kachitsulo konga cholembera chonenepa, anakayamwa, n'kutulutsa mtambo woyera wonunkhira pichesi.

"Chimenecho chituluke m'nyumba muno," ndinatero.

"Ndi nthunzi chabe, mlongo, ngati ya ketulo."

"Ketulo wanga sanunkhira pichesi. Panja."

Tinatuluka tonse pakhonde. A Lonnie Loweruka lililonse amayala tebulo pamsika wa kaunjika m'mbali mwa msewu waukulu, n'kumagulitsa ndudu zamagetsi ndi madzi ake, amene amasakaniza okha m'galaja mwawo. Tsikulo anabwera ndi ina yatsopano m'kabokosi, ya Ababa.

"Ine ndiziyamwa cholembera?" anatero Ababa. "Anzanga andione ndikununkhira ngati mayi wopita ku ukwati?"

"Anzanu ati, Ababa? Awiri ali kumanda, wachitatu amayenda akukoka botolo la mpweya."

"Ukule kaye ndiye uzindilankhula choncho."

Komabe ananunkhiza mabotolo onse amene a Lonnie anandanda pathabwa la khonde. La chingamu analikankhira kutali. La pichesi anati apatse azibusa. Pomaliza anasankha la madzi ofiirira, onunkhira fodya wosakaniza ndi shuga wopsereza.

"Ili lokha ndiye likununkhira ngati chinthu cha mwamuna."

Ndinang'amba tsamba la kalendala n'kulitembenuza. "Nenani pang'onopang'ono, achimwene, ndizilemba."

"Choyamba, musamakoke mwamphamvu. Ndudu mumaimenya kangapo n'kutaya. Iyi muziikoka mofatsa, motalika, ngati mukumwa khofi wotentha."

"Chachiwiri?"

"Mukathira madzi m'kathanki aka, dikirani mphindi khumi kuti thonje la m'kati linyowe. Mukapupuluma, m'kamwa mumveka sokosi yopserera."

"Unaidyapo sokosi yopserera iwe?" anafunsa Ababa.

"Amayi akadwala munkaphika ndinu. Ndinadya zambiri."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinadziwa kuti avomera.

"Chachitatu, yambani ndi madzi amphamvu. Ambiri amalephera chifukwa amafuna kuyamba ndi ofooka, ndiye chibaba chimawagwira, pofika Lachitatu abwerera kundudu. Kutsika mudzatsika m'tsogolo. Anuwa ndawonjezerako nikotini, popeza inu ndinu a mapaketi awiri patsiku."

Anapitiriza. Muzimwa madzi ambiri chifukwa kukhosi kumauma. Sabata yoyamba mutsokomola kuposa kale, musaope. Batire musamaliike m'thumba limodzi ndi makiyi. Muzitchaja masana muli maso. Ndudu zonse zotsala, machesi, timbale tophulusira, zonse zichoke m'nyumba lero lomwe.

"Nanga mwana?" ndinafunsa.

"Utsi palibe. Mwana apuma."

"Komabe muzikokera pakhonde, Ababa. Ndipo botolo lizikhala pamwamba pa firiji."

"Usade nkhawa," anatero a Lonnie. "Chivindikiro chake n'chokanikiza kaye kenako n'kupotokola. Junie sangatsegule ngakhale atalimbana nalo mpaka Khirisimasi."

Malangizo anakwana asanu ndi atatu. Ndinamata pepalalo pachitseko cha firiji.

Masana omwewo ndinazungulira nyumba yonse ndi thumba la zinyalala. Ndinapeza paketi ina m'nsapato za mvula, ina kuseri kwa Baibulo la Amayi. Nditatembenuka ndinaona Ababa atawerama pathumba lija, akutola kambale kophulusira kagalasi.

"Aka kazisunga misomali."

Sindinalimbane nawo. Kwathu sititaya chinthu chimene chingasunge chinzake. Chitini cha khofi chimasunga mafuta a nkhumba, kontena ya majarini imasunga zotsala za dzulo, mabotolo a jamu ndiwo matambula athu. Amayi ankatsuka ngakhale timatumba ta pulasitiki n'kutiyanika pachingwe.

Sabata yoyamba inali yowawa. Ababa ankatsokomola mpaka misozi, ankatukwana wailesi, ankatukwana galu wa aneba. Lachiwiri anaiwala za mphindi khumi zija, anakoka thonje louma, ndipo ndinawapeza ataiponya ndudu yamagetsiyo paudzu.

"Chidole cha ana ichi. Ndipatse makiyi ndikagule fodya weniweni."

"Makiyi ali m'thumba mwanga ndipo akhala momwemo. Werengani nambala yachiwiri."

"Ukundilamula ngati ndine mmodzi wa nkhalamba zako za kuntchito."

"Zija zimamvera."

Anakaitola.

Sabata yachiwiri zinthu zinayamba kusintha. Tsiku lina m'mawa analawa nyemba n'kundiyang'ana.

"Kodi mcherewu umathira ndi fosholo?"

"Ndathira mmene ndimathirira masiku onse."

"Ndiye zaka zonsezi wakhala ukundipha ine osadziwa."

Ndinachapa makatani, ndinatsuka makoma, madzi a m'ndowa anatuluka achikasu ngati tiyi. Junie anasiya kulira m'chifuwa. Kanatsala ndi kachifuwa kouma ka m'mawa, kamene adokotala anati ndizimupatsa supuni ya uchi. Uchi wathu ndi uja wa m'botolo lapulasitiki looneka ngati chimbalangondo, lokhala ndi kansonga pamutu. Junie ankalitchula kuti Abambo Chimba, ndipo ankayasama yekha akangoliona. Uchi utatha ndinagula wina, botolo lakale n'kuliponya m'zinyalala.

Vuto linali limodzi, chivindikiro chija. Zala za Ababa zinapindika ndi nyamakazi, sangathe kukanikiza ndi kupotokola nthawi imodzi. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkawatsegulira, kuwathirira m'kathanki, n'kubwezera botolo pamwamba pa firiji. Koma kathankiko kankatha pofika masana. Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza ali ndi pulayazi, chivindikiro chitatafunika mbali zonse koma chisanatseguke.

"Bwanji osandidikira?"

"Kuyambira naini koloko? Ndikhale pano ngati mwana wodikira bere?"

"Ndiwauza achimwene abweretse kathanki kachiwiri."

"Usavutitse anthu. Ndiona chochita."

Ndinaiwala kuwauza a Lonnie. Patapita masiku angapo Ababa anasiya kundipempha kuti ndiwatsegulire, ndipo ine ndinaganiza kuti aphunzira. Kunena zoona ndinasangalala kuti ntchito imodzi ya m'mawa yandichokera.

Lachitatu la sabata yachitatu ndinadzuka mochedwa. Yunifolomu yanga inali isanaume bwino, Junie ankatsokomola pampando wake, ndipo Ababa anali atatuluka kale pakhonde ndi khofi wawo. Patebulo, pafupi ndi chitini cha shuga, panali botolo la chimbalangondo. Ndinaganiza kuti Ababa athira uchi m'khofi.

"Abambo Chimba," anatero Junie, n'kuyasama.

Ndinafinyira musupuni. Ndinaona kuti watuluka mofulumira kuposa masiku onse, ndinangoti ndi kutentha kwa mbaula. Maso anga anali pawotchi. Ndinamuika supuni m'kamwa, iye n'kumeza mmene amamezera masiku onse, ndi mtima wonse.

Nkhope yake inakwinyika. Analavula pang'ono pachibwano, anagwira pakhosi, kenako analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo.

"Zowawa, Amama. Zowawa."

Ndinanyambita supuniyo. Lilime linayaka ngati ndaluma tsabola, ndipo m'mphuno munabwera fungo la shuga wopsereza. Ndinatsegula kabati. Botolo latsopano la uchi linali momwemo, lodzaza, pamalo pake.

"Ababa!"

Analowa ndudu yawo ili m'manja. Anayang'ana supuni, anayang'ana botolo, ndipo kapu ya khofi inawapulumuka.

"Ndimalibweza pamwamba pa firiji nthawi zonse," anatero. "Ndangoti ndidikire kaye mphindi khumi zija panja."

"Muli chiyani umu?"

"Lonnie anabwera Lachisanu, ndinamuuza atsegule, nditatsala ndekha ndinakhuthulira onse umu. Kansonga kake kamalowa bwino m'kathanki. Botolo labwinobwino unalitaya, Shawna, ndinalitsuka..."

Sindinamvere zotsalazo. Ndinaimba foni ya ambulansi. Mayi amene anayankha anati ndisamukakamize kusanza, ndimupukute m'kamwa, ndipo ndibweretse botololo. Anati ambulansi yochokera m'tawuni itenga theka la ola kuti ifike kwathu.

"Ndikumana nayo panjira," ndinatero. "Patchalitchi cha pamphambano."

Junie anasanza tisanafike n'komwe pagalimoto. Ababa anakhala naye kumbuyo. Msewu wa m'chigwa chathu ndi wokhotakhota, mbali ina phiri, mbali ina mtsinje, ndipo ndinauyendetsa ndikuyang'ana pagalasi kuposa kutsogolo. Mwana anali atayera ngati pepala, thukuta lili kamukamu, dovu likuyenderera pamalaya a agogo ake.

"Mulankhuleni, Ababa. Asagone."

"Junie, tayang'ana ng'ombe izo. Junie, mayi wanga, tayang'ana Agogo."

Titadutsa mlatho wachiwiri, miyendo yake inayamba kugwedezeka yokha, maso n'kutembenuka. Ababa anasiya kulankhula naye, anayamba kupemphera, mawu amodzimodzi mobwerezabwereza. Ambulansi tinaipeza itangoima patchalitchi. A mu ambulansiyo anamutenga m'manja mwa Ababa ngati mtolo wa zochapa.

Kuchipatala anamulumikiza ku makina oona mtima, dripi kudzanja, kachubu ka mpweya m'mphuno. Adokotala anali omwe aja. Anabwera atanyamula chimbalangondo chija m'kathumba kapulasitiki koonekera m'kati.

"Madzi awa ali ndi mphamvu yanji?"

"Sindikudziwa."

"Botolo lake lenileni linalembedwa chiyani?"

"Silinalembedwe kanthu. Amapanga ndi achimwene anga."

"Aimbireni. Ndikufuna nambala."

A Lonnie anafika masana, ali ndi zovala za kugalaja. Adokotala atawafunsa, anakanda m'mutu n'kutchula nambala ina, kenako n'kunena kuti mwina ndi yoposerapo chifukwa anawonjezera ndi diso. Adokotala anangolemba n'kuchoka.

Tinatsala atatu m'khonde la chipatala.

"Ine ndinaika m'botolo lotseka bwino," anatero a Lonnie. "Aliyense ndi mboni. Sindinauze munthu kuti akhuthulire m'botolo la uchi."

"Munanena zinthu zisanu ndi zitatu, achimwene. Ndinalemba zonse. Za makiyi munanena. Za sokosi munanena. Kuti supuni imodzi ingathe kupha mwana, munanena pati?"

"Aliyense amadziwa kuti si zakumwa."

"Munati ndi nthunzi ya ketulo."

"Ndimanena za mpweya wake. Ndiponso amene anamwetsa mwana si ine."

Ababa anadzuka pabenchi. Ndinaganiza kuti awamenya, koma anangowagwira pamkono.

"Pita kunyumba, Lonnie."

"Ababa, ine ndimafuna kukuthandizani."

"Wandithandiza. Pita."

Junie anatsitsimuka madzulo a tsikulo. Mawa lake anapempha madzi. Tsiku lachitatu anali atakhala tsonga akung'amba mapepala a buku lojambula, ndipo m'chipindamo munalowa mayi wina wa jekete yabuluu, atanyamula chikwama. Anati dzina lawo ndi mayi Napier, a ku ofesi yoona za ana. Anatipempha kuti tikakhale m'kachipinda kena.

Sanali munthu wankhanza. Anandipatsa kapu ya madzi, anafunsa maola amene ndimagwira ntchito, amene amatsala ndi mwana, ndi maulendo atatu a mphumu aja. Zonse anali nazo kale m'mapepala awo.

"Wolakwa ndine, mayi," anatero Ababa. Anali atavula chipewa, atachigwira ndi manja awiri. "Lembani dzina langa. Odell Caudill. Mwana wangayu ndiye anandisiyitsa fodya chifukwa cha mdzukulu wanga. Anatsuka makoma ndi manja ake. Pitani mukaone pafiriji, analemba zonse."

"Ndamva, bambo Caudill, ndipo ndilemba. Koma taonani mmene zilili kwa ine. Mwana uyu wagonekedwa kanayi chaka chino, ndipo maulendo onse anayi chomudwalitsa chachokera m'nyumba imodzi."

"Ndichoka ineyo. Ndikagona m'chigafa."

"Si nkhani ya kumene mugone inu." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, muli ndi kwina kumene mungakhale ndi mwanayu? Komanso wina womusamala mukakhala kuntchito?"

"Ndipeza."

"Lero?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndalankhula ndi agogo ake a kuchimuna, mayi Glenda Combs. Avomera kumusunga. Inu muzikamuona Lachitatu ndi Lamlungu, iwo ali pomwepo, ndipo azilemba mmene mwachezera. Mukapeza malo ndidzabwera kudzawaona, kenako tidzakambirana."

"Mpaka liti?"

"Zimenezo zili kwa inu ndi kwa woweruza."

"Supuni ija ndinamupatsa chifukwa ankatsokomola," ndinatero. "Anandiuza ndi adokotala."

"Ndikudziwa, mayi. Sainani apa."

A Glenda, mayi ake a Cody, anabwera ndi mpando wa mwana watsopano m'galimoto yawo. Sitinayambanepo, komanso sitinakondanepo. Ndinawapatsa chikwama cha zovala, mankhwala opopera m'kamwa, ndi kabulangete kamene Junie sagona popanda iko. Ndinawauza kuti mazira amadya okazinga okha, ndipo akamasamba madzi asamufike m'makutu. Junie anaganiza kuti akupita kokacheza. Anatibayibitsa pazenera.

Kunyumba khofi uja anali ataumira pansi pomwe anatayikira. Ndinakolopa. Ndinachotsa pepala pafiriji. Ababa anakhala patebulo, ndudu yamagetsi ili patsogolo pawo, osaikhudza. Masiku atatu onsewo anali asanakoke chilichonse.

"Ndichite nayo chiyani?" anafunsa.

"Mmene mungafunire."

"Ndikaitaya ndibwerera kundudu. Ndikudzidziwa."

"Sutani chimene mukufuna, Ababa. Sutirani pabalaza pomwe. Mwana kulibe."

Ndinkafuna andikalipire, koma anadzuka, anatenga jekete, n'kupita kukakhala m'chigafa chopanda kanthu chija mpaka dzuwa litapendeka. Chimene anakachita kumeneko sindinafunse.

Loweruka ndinapita m'tawuni kukafunsa za zipinda za lendi. Kwina anati salola ana, kwina anati ndilembetse dzina ndidikire mpaka chisanu chithe. Pobwerera ndinadutsa pamsika wa kaunjika. Tebulo la a Lonnie linali pamalo pake, pakati pa wogulitsa matayala akale ndi mayi wa mabulangete. Mabotolo anali atandandalikidwa, ofiira, obiriwira, achikasu, ngati zakumwa za paphwando la ana. Kutsogolo kwake kunaima mtsikana wamsinkhu wanga, mwana ali m'chiuno, ndipo a Lonnie ankamuuza kuti azikoka mofatsa, motalika, ngati akumwa khofi wotentha.

Ndinaimitsa galimoto n'kutsika.

"Chemwali, mwanayu ali ndi zaka zingati?"

"Chaka ndi theka," anayankha modabwa.

"Amakonda zotsekemera?"

"Shawna, ndili pantchito," anatero a Lonnie.

"Ndikungowonjezera pa malangizo anu, achimwene." Ndinatembenukira kwa mtsikanayo. "Mukagula, gulaninso loko. Madziwo azikhala m'botolo lake lomwelo, m'bokosi lokhoma, kiyi m'khosi mwanu. Musawathire mwina, ngakhale chivindikiro chikuvuteni bwanji. Wanga anamwa supuni imodzi. Sanafe, koma sindikugona naye nyumba imodzi."

Mtsikanayo anayang'ana a Lonnie, anayang'ana ine, anakweza mwana wake m'mwamba pang'ono. Anagulabe. Anasankha la chingamu.

Lamlungu ndinavala diresi ya kutchalitchi koma kutchalitchi sindinapite. Ababa anandipatsa kathumba ka maapozi a mumtengo wathu kuti ndikapatse Junie, anawapukuta limodzilimodzi pamalaya awo. Iwo sanaloledwe kupita.

Nyumba ya a Glenda ili m'tawuni, ya njerwa, mipando yake yokutidwa ndi pulasitiki. Junie anandithamangira ndisanavule n'komwe nsapato. Anandikwera, anandigwira makutu, anandionetsa chidole chatsopano ndi bala la dripi padzanja lake. Anafunsa za agogo ake aamuna ndi za galu wa aneba. Kwa ola lathunthu sanachoke pamiyendo panga, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ana amaiwala msanga.

Nthawi ya chakudya a Glenda anapakula mbatatesi yosinja ndi nkhuku. Anamukhazika Junie pampando wake wautali, n'kundipatsa mbale ndi supuni.

"Mumudyetse ndinu. Ndinu mayi ake."

Ndinatapa pang'ono, ndinauzira, n'kuyandikiza. Junie anayang'ana supuniyo, kenako anayang'ana ine. Anatseka pakamwa n'kuphimbapo ndi manja onse awiri.

"Ndi mbatatesi, Junie. Taona." Ndinadya ndekha. "Waona? Amama adya. N'zokoma."

Anapukusa mutu.

Ndinatapanso. Ndinachita ngati ndege, ndinachita ngati sitima, zonse zimene zinkamuseketsa kale. Anabwerera m'mbuyo mpaka mutu kugunda pampando, maso atadzaza misozi, koma sanalire. Analankhula m'kati mwa manja ake.

"Agogo andipatse."

A Glenda anazengereza, kenako anatenga supuni yomweyo m'dzanja langa, mbatatesi yomweyo ili pomwepo. Junie anachotsa manja n'kuyasama.

Ndinakhala pamenepo manja ali pamiyendo mpaka mbale inatha. A Glenda anamupukuta pakamwa, anamutsitsa, iye n'kubwereranso kudzakhala pamiyendo panga ngati palibe chachitika.

Nthawi yanga itakwana, a Glenda anatenga pepala la mayi Napier pamwamba pa kabati. Anavala magalasi, anagwira cholembera, koma sanalembe. Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinaona kuti akundimvera chisoni.

"Pali funso la chakudya apa," anatero motsitsa mawu. "Ndilembe chiyani, mwanawe?"

Ndinamanga zingwe za nsapato zanga.

"Lembani kuti wadya."